Ndinayankha Foni ya Aimvi

Amene anandilakwira ndi mayi wa ku ofesi ya ndandanda ku kampani ya ndege, uja amalemba kuti uyu auluka liti, uyu apuma liti. Anandikola ndi funso limodzi pa foni, iye akudziwa lamulo, ine ndisakulidziwa. Wachiwiri ndi wapampando wa yuniyoni ya oyendetsa ndege, amene lero akufuna ndikadzikane ndekha pamaso pa anthu. Ndawatchuliratu kuti mukafika pakati musayambe kuloza ine chala.

Ine ndine mayi wamasiye. Sukulu ndinalekera ku pulayimale ndipo sindichita nazo manyazi. Malemu amuna anga ankayendetsa basi yonyamula oyendetsa ndege pabwalo. Atamwalira, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, anandisiyira nyumba ya zipinda zitatu kuseri kwa mpanda wa bwalo la ndege, ndi anthu ondidziwa. Ndinapeza makina ochapira ndi simbi ziwiri. Kuyambira pamenepo malaya oyera mumawaona pa oyendetsa ndege aja amadutsa m'manja mwanga. Kolala ya munthu ndimaidziwa kuposa nkhope yake.

Aimvi ndinawadziwira pa kolala pomwepo. Dzinali anawapatsa ndi anyamata a kuntchito chifukwa cha mutu wawo, iwo n'kulilandira. Ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu, akazi awo anamwalira kalekale. Zaka makumi awiri anali kaputeni wa mizere inayi paphewa ku kampani ina. Kampaniyo itagwa anabwera kuno n'kudzayambiranso pansi, mizere itatu. Kwa anthu amenewa ukulu sawerengera imvi, amawerengera tsiku limene unalowa ntchito. Mwana amene anabadwa Aimvi akuuluka kale ndiye amayamba kusankha masiku opuma, Aimvi n'kumatola zotsala. Pa mndandanda wawo wonse, iwo ndi achitatu kuchokera pansi.

Ankabwera kudzatenga malaya n'kukhala pampando wa pakhonde, kudikira malaya amene anali okonzeka kale. Chaka chathunthu akudikira malaya okonzeka. Tsiku lina ndinawafunsa ngati kwawo kulibe mipando. Anati iliko, koma siyankhula. Umu ndi mmene zinayambira.

*

Achimwene anga, amene ndi mkulu wa banja lathu, sanakondwe nazo. Anati munthu wogona m'mahotela a mayiko khumi sangakhale ndi mkazi mmodzi. Akazi awo, alamu anga, anawonjezera kuti pa msinkhu wangawu ndikufunanji, ngati kuti amene amagona okha ndi iwo. Komabe achimwene anavomera kudzamuona munthuyo. Amakhala kutali, maola anayi pa basi, ndipo bondo lawo limawavuta.

Ulendo woyamba anapeza mpando wopanda munthu. Ndege ya Aimvi inachedwa kunja, ndiye lamulo lawo limati woyendetsa akadutsa maola ake agone kaye asanagwirenso ndege. Anagona kumeneko, achimwene akumwa tiyi kuno.

Ulendo wachiwiri linali tsiku lodikira, loti uli pakhomo koma foni ikalira ufike pabwalo ola limodzi ndi theka lisanathe. Inalira Aimvi akumanga tayi. Anakumana ndi achimwene pageti, wina akulowa wina akutuluka, moni wa dzanja basi.

Achimwene anadya n'kunyamuka. Potsanzikana pa siteji ya basi anandiuza mawu amene sindinawaiwale.

"Chemwali, kachitatu ndibwera chifukwa ndiwe mwana wa amayi anga. Ndikadzapezanso mpando wopanda munthu, nkhani imeneyi usadzandiuzenso."

Aimvi atamva anachita zimene akanatha. Anasiya kupuma Loweruka lililonse la miyezi iwiri, natenga maulendo onse amene anzawo amawathawa, kuti apeze masiku anayi otsatizana, Lachinayi mpaka Lamlungu. Ndandanda itatuluka ananditumizira chithunzi chake pa foni, masiku anayiwo atawazunguliza. Pansi analemba kuti, "Loweruka ili ndi lathu, ngakhale mvula igwe ya miyala." Ndinauza achimwene. Anangoyankha kuti tidzaona.

*

Tsopano ndinene za mayi wa ndandanda, chifukwa sindinayambe kumukayikira popanda chifukwa. Wochapa amapisa m'matumba asanaviike chovala. M'thumba la Aimvi ndinapezamo kapepala kolembedwa kuti, "Ndakusungirani Lamlungu, musandiiwale." Kanali kununkhira mafuta odzola. Nditawafunsa anaseka mofooka n'kunena kuti mayiyo anawachitira chifundo atangofika kumene, ndipo iwo sanamulonjeze kanthu. Ndinawakhulupirira, koma ndinaonanso kuti anthu atayamba kunena za ine ndi Aimvi, chifundo chija chinauma, ndandanda yawo n'kuyamba kuwawa.

China chinkandidya mumtima. Aimvi akakhala pa tsiku lopuma, foni inkalira, iwo n'kuyang'ana, n'kuitembenuza chafufumimba. Ndikafunsa ankangoti ndi za kuntchito, zosafunika. Munthu wamkulu ukamubisira chifukwa, amadzipezera chake.

Lachinayi lija m'mawa anabwera kudzakonza paipi ya makina ochapira imene inkadontha. Anavula nsapato, napinda buluku, nagwada kuseri kwa makina. Foni anaisiya patebulo langa lositira. Inalira kamodzi, n'kusiya. Inaliranso. Ndinayang'ana. Pamene pamakhala dzina la munthu panalembedwa mawu amodzi, zilembo zazikulu: OSAYANKHA.

Amayi anzanga, ndani mwa inu akanaisiya?

Ndinaitenga n'kutuluka nayo pakhonde. Anali mayi wa ndandanda uja. Mawu ake ndinawazindikira nthawi yomweyo, poti tinkalankhulana pa foni za mayunifolomu ngakhale tinali tisanaonanepo. Anafunsa ngati eni foni alipo. Ndinati alipo koma atanganidwa.

"Kodi ndikulankhula ndi ndani?"

Ndikanatha kunena zambiri. Koma ndinakumbukira kapepala konunkhira kaja.

"Mkazi wawo."

Anabwereza pang'onopang'ono, ngati munthu amene akulemba.

"Mwati mkazi wawo?"

"Mwamva."

"Chabwino mayi. Muwauze kuti Loweruka afike pabwalo sikisi koloko m'mawa. Ulendo wa masiku awiri, abwera Lamlungu madzulo. Uthenga ndapereka kwa mkazi wawo, nthawi ndi teni koloko. Zikomo."

Ndinalowa m'nyumba ndikuyenda ngati ndawina mlandu. Ndinawauza Aimvi kuti chibwenzi chawo chaimba, ndipo ndachiuza malo ake.

*

Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anadzuka kuseri kwa makina, napukuta manja pa buluku, nandifunsa zimene ndinanena, mawu ndi mawu. Nditafika pa "mkazi wawo" anakhala pansi pa ndowa yotembenuza n'kugwira mutu.

Ndiye anandifotokozera zimene anayenera kundifotokozera chaka chatha. Oyendetsa ndege ndi ochepa, maulendo ndi ambiri. Mu mgwirizano wa kampani ndi yuniyoni muli ndime yonena kuti anthu akaperewera, ofesi ya ndandanda itha kumutenga munthu pa tsiku lake lopuma, kuyambira wa pansi pa mndandanda. Koma ayenera kumupeza mwini wake pa foni, kapena kusiya uthenga kwa mkazi wake. Akapanda kumupeza, alibe mlandu. N'chifukwa chake palibe woyendetsa ndege amene amayankha nambala imeneyo pa tsiku lopuma. Akazi awo onse amadziwa. Ngakhale ana awo amadziwa. Yuniyoni yatha chaka ndi miyezi iwiri ikukangana ndi kampani kuti ndime imeneyi ichoke, ndipo mpaka pano akungomwa madzi m'chipinda chokambirana.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire. Anati sankafuna kunditopetsa ndi za kuntchito. Ndinati malaya awo a thukuta sananditopetse, chikananditopetsa ndi chiganizo chimodzi?

Ndinawauza kuti aimbe anene kuti akudwala. Anakana. Anati zaka makumi atatu sananamepo za thupi lawo, ndipo woyendetsa ndege wa msinkhu wawo akangoti ndadwala, madokotala a kampani amamufufuza mpaka apeze chomuchotsera. Ndinati asinthane ndi mnzawo. Anatenga foni n'kuyamba kutumiza mauthenga, ine nditaima kumbuyo kwawo ndikuwerenga.

Woyamba anayankha kuti, "Pepani madala, maola anga a mwezi uno atha." Wachiwiri anati mwana wake akudwala. Wachitatu, amene Aimvi anamuulukira kawiri mkazi wake atachira, analemba kuti, "Madala mukudziwa yuniyoni yati pasakhale wotseka mabowo a kampani mpaka asayine. Ndikakuthandizani anditcha wogulitsa anzake." Anaikanso kachithunzi ka manja opemphera.

Aimvi anaika foni patebulo n'kunena kuti paipi sinathe kukonzedwa. Anabwerera kuseri kwa makina. Ndinamva sipanala ikugogoda kwa nthawi yaitali pamalo pamene panali patamangidwa kale.

*

Lachisanu ndinanyamula mayunifolomu kupita nawo kubwalo monga mwa masiku onse. Alonda amandidziwa. Nditasiya katundu sindinabwerere, ndinakwera masitepe mpaka ku ofesi ya ndandanda.

Ndinkayembekeza mayi wodzikongoletsa. Ndinapeza munthu wa msinkhu wanga, maso ofiira, nsapato atavula pansi pa tebulo, mafoni atatu patsogolo pake, chakudya chozizira pambali chisanatsegulidwe. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Akazi awo afika. Ukwati munachita liti, ife osaitanidwa?"

Ndinamuuza kuti sindinabwere kudzaseka. Ndinamuuza za achimwene, za bondo lawo, za maulendo awiri aja. Ndinachita chinthu chimene sindinachitepo chimwalirireni amuna anga, ndinapempha. Ndinati afufute dzina la Aimvi, aike wina.

Anatembenuza kompyuta kuti ndione. Mizere yofiira inali mbwee. Anati Loweruka ali ndi maulendo khumi ndi umodzi, anthu a maulendo asanu ndi anayi. Anati Lachinayi anaimbira anthu khumi ndi asanu ndi awiri, ndipo foni imodzi yokha ndiyo inayankhidwa. Anati zimene tinalankhula zinajambulidwa, mafoni onse a ofesi imeneyo amajambula, ndipo bwana wake wamva kale.

Ndinamufunsa chifukwa chimene anandifunsira kuti ndine ndani, pamene mawu anga amawadziwa bwinobwino. Apa sanayang'anenso kompyuta.

"Mukanati ndinu wochapa, ndikanadula foni. Lamulo silindilola kusiya uthenga kwa wochapa. Munasankha nokha."

Ndinati iye ankadziwa kuti sitinakwatirane.

"Ine sindidziwa kanthu, mayi. Chaka chathunthu ndinkawasungira masiku abwino bambo amene aja, ndikukangana ndi anthu chifukwa cha iwo. Za inu ndinamvera kwa oyendetsa basi. Ndiye lero mundiuze kuti ndimadziwa za m'nyumba mwawo?"

Foni inalira. Anainyamula n'kundipatsa msana. Ndinatsika masitepe n'kubwerera kwathu.

*

Madzulo a tsiku lomwelo kunabwera wapampando wa yuniyoni. Ndi kaputeni wamimba, wolankhula ngati wailesi. Anakhala pampando wa Aimvi pakhonde osapemphedwa. Anati lamulo la yuniyoni ndi lakuti uluka kaye, dandaulo pambuyo. Aimvi apite Loweruka, Lolemba adzalembe dandaulo, ndipo nkhani yawo idzathandiza kwambiri pa zokambirana. Anati mutu umodzi susenza denga.

Aimvi anafunsa kuti dandaulolo lidzamveka liti. Wapampando anati mwina chaka chamawa. Aimvi anati alamu awo akubwera mawa, osati chaka chamawa. Wapampando anaseka n'kunena kuti achibale amamvetsa, iye ukwati wa mwana wake weniweni anauonera pa foni ali kunja. Ndinamufunsa ngati mwanayo amamulankhula. Anamwa madzi, nadzuka, nati tiganize bwino.

Atapita, Aimvi anandipempha kuti ndiwasitire malaya a yunifolomu. Ndinasita kolala, manja, msana, ndinaika mizere itatu ija paphewa, ndinawapatsa. Anapita kwawo dzuwa lisanalowe. Sindinaimbire achimwene kuti asabwere. Ndinalibe mphamvu yonena mawuwo.

*

Loweruka achimwene ndi alamu anafika cha m'ma leveni. Ndinaphika monga ndinalonjezera. Alamu anayang'ana mpando wopanda munthu uja, nayang'ana amuna awo, nakonza mpango wawo. Achimwene anatambasula mwendo wa bondo lovuta n'kufunsa kuti basi yobwerera imanyamuka nthawi yanji.

Ndisanayankhe geti linalira. Anali Aimvi, atavala suti yotuwa yakalekale, yothina pamimba, chipewa cha ndege palibe. Anapereka moni kwa achimwene ndi manja awiri, napepesa chifukwa cha maulendo awiri aja, nakhala pansi. Ine ndinathawira kukhitchini kukaima pafupi ndi sinki.

Achimwene sanawachitire chifundo. Anawafunsa za akazi awo oyamba, za ana awo awiri amene ali pabanja, za mahotela, za mowa. Anawafunsa kuti munthu wophunzira ngati iwo akufunanji kwa mayi wosita. Aimvi anayankha kuti m'ndege amakhala ndi anthu mazana awiri kumbuyo kwawo koma palibe amene amadziwa ngati adya, pamene pakhomo pano amafunsidwa. Alamu anati zimenezo ngakhale wantchito atha kufunsa. Aimvi anati n'zoona, koma wantchito sakukalipira ukanama kuti wadya.

Nthawi yonseyi foni inali kunjenjemera m'thumba la jekete. Inkasiya n'kuyambiranso. Achimwene anafunsa kuti akuimbayo ndani.

"Ndi kuntchito, alamu. Ndimayenera kukhala m'mwamba panopa."

"Ndiye mwatani?"

"Ndakhala pansi."

Achimwene anandiitana kuti ndibweretse chakudya, nati munthu wakhala pansi adye. Podya anayamba kuwatchula kuti alamu. Asananyamuke ananena kuti ukwati uchitike kumapeto kwa mwezi wamawa, anthu akuluakulu sachedwetsa zinthu. Ngakhale alamu anga aakazi anandinong'oneza pageti kuti sutiyo ndiikulitse pamimba.

Tsiku limenelo ndinasangalala. Ndikulemba kuti mudziwe kuti linalipo tsiku limodzi.

*

Ndege ija sinanyamuke. Anthu zana ndi makumi asanu anagona pabwalo. Lolemba Aimvi analandira kalata yowaimitsa ntchito chifukwa chokana ulendo atauzidwa, ndipo mlandu wawo ukambidwa Lachinayi likubwerali. Akapezeka olakwa achotsedwa. Pa msinkhu wawo palibe kampani imene ingawatenge kuti akayambirenso pansi kachitatu. Ndege ndi chimene amadziwa. Munthu ameneyu ngakhale paipi yomwe ija ikudonthabe.

Lachiwiri wapampando anabweranso, ulendo uno ndi pepala lotayipa. Sanakhale pampando, anaima. Anati njira ilipo imodzi yokha. Ndimeyo imati uthenga usiyidwe kwa mwini wake kapena kwa mkazi wake. Ngati amene anayankha foni si mkazi wake, ndiye kuti Aimvi sanauzidwe, ndipo munthu wosauzidwa sangakane ulendo. Mlandu utha pomwepo.

Ndinati zimenezo n'zosavuta, ndikanena zoona. Sitinakwatirane, tikwatirana mwezi wamawa.

Anapukusa mutu. Anatsegula kabuku ka mgwirizano n'kundiwerengera kuti mawu onse amati mkazi wake, kapena amene akukhala naye ngati banja. Anati loya wa kampani adzandifunsa kuti bamboyu ankatani m'nyumba mwanga teni koloko m'mawa, foni yake ili patebulo langa. Ndikangotchula za ukwati, tagwa. Ndiye anandipatsa pepala lija kuti ndiwerenge.

Ndimawerenga pang'onopang'ono koma ndimamva. Pepalalo likuti ine ndine wochapa zovala basi. Likuti pakati pa ine ndi Aimvi palibe ubale wina uliwonse kupatula wa malaya. Likuti anabwera kudzatenga zovala, ine ndinatola foni yawo popanda chilolezo, ndipo ndinadzitcha mkazi wawo mwa bodza. Pansi pali mzere woti ndisayine. Lachinayi ndikaime m'chipinda chodzaza makaputeni ndi mabwana, mayi wa ndandanda ali pomwepo, akaseweretse mawu anga aja onse amve, kenako ine ndinene ndi pakamwa panga kuti ndinkadzipachika pa mwamuna amene si wanga.

Ndinafunsa za ukwati. Wapampando anati uyambe waima. Tikakwatirana mwezi wamawa kampani idzati tinanama, mlandu n'kuutsegulanso. Tidikire mpaka mgwirizano watsopano usayinidwe, ndime ija itachoka. Ndinafunsa kuti usayinidwa liti. Anati zokambirana zikuyenda bwino. Ndinati ndafunsa kuti liti. Anati mwina miyezi isanu ndi umodzi, mwina chaka, zimatengera kampani. Anawonjezera kuti pa nthawi imeneyi Aimvi asamaoneke pakhonde pano, malaya azitumiza.

"Mayi, n'kapepala chabe aka. Aliyense akudziwa zoona zake."

"Ngati aliyense akudziwa, mukufuniranji dzina langa pansipo?"

Anasiya pepalalo patebulo lositira, naikapo cholembera chake pamwamba.

*

Aimvi anabwera madzulo ake. Anaonda m'masiku atatu. Anawerenga pepalalo ataimirira, nalipinda, nalibwezera pomwe linali. Ndinawafunsa kuti akufuna nditani. Anati sangandipemphe kuti ndisayine. Ndinati sindinafunse zimene sangapemphe, ndafunsa zimene akufuna. Anati Loweruka anasankha okha, akudziwa mtengo wake, ndipo sakudandaula. Koma polankhula maso awo anali pa malaya oyera amene ndinapachika pawaya, a anzawo amene akuulukabe.

Ndinawauza kuti kukhala chete kwawo ndi kumene kunatifikitsa pano, ndipo akuyambiranso. Anavomera kuti n'zoona. Anakhala pampando wawo uja pang'ono, nadzuka, nati apite anthu asawaone. Taonani, sindinasayine n'komwe koma ayamba kale kuyenda ngati mbala pakhomo panga.

Ndinalakwitsa kuimbira alamu anga aakazi kuti ndipepukidwe mumtima. Ola lisanathe uthenga wa achimwene unafika. Ndikuulemba pano mmene unalembedwera.

"Chemwali, ndamva. Ine ndinakwera basi katatu ndi bondo ili. Ndinamutcha munthuyo mlamu pamaso pako, ndauza kale abale onse tsiku la ukwati. Ukakaima pagulu n'kunena kuti ndiwe wochapa wake chabe, ndiye kuti wandisandutsa wabodza ine. Mwamuna amene angalole mkazi wake adzinyoze chotero kuti iye asunge chipewa, kwathu asadzapondeko. Usankhe."

Ndawerenga uthengawu kakhumi. Ndikasayina, Aimvi abwerera m'mwamba, koma achimwene atseka chitseko, ukwati upita kumene sindikudziwa, ndipo mayi uja adzandiyang'ana ndikudzitcha wabodza. Ndikakana, ndikhala ndi mwamuna wanga mwezi wamawa, koma mwamuna wothyoka mapiko chifukwa cha pakamwa panga, wokhala pakhonde kumayang'ana ndege zikudutsa pamwamba pa denga langa tsiku ndi tsiku. Adzandikhululukira chaka choyamba. Chachiwiri sindikudziwa.

Ndatopa. Ndinaika mwamuna mmodzi m'manda, ndinalera ana ndi simbi, sindinapemphe munthu kanthu. Kampani ikulephera kulemba anthu okwanira, yuniyoni ikulephera kuchotsa ndime imodzi chaka ndi miyezi iwiri, mayi wa ndandanda ali ndi mtima wake wowawa, ndipo onsewa apeza kuti wolipira ndikhale ine, amene sindinakwerepo ndege chibadwire.

Lero ndi Lachitatu. Pepala lili apa, cholembera cha wapampando chili apa. Inu amene mwawerenga mpaka pano, musandiuze kuti pepani, mapepani ndili nawo okwanira. Musandiuzenso kuti ndikanasiya foni ija, ndikudziwa. Mawa naini koloko akandifunsa kuti mayi, bambo awa ndi ndani wanu. Ndiyankheni inuyo, lero lomwe: ndikanene kuti chiyani?